Kupeta Mcenga ku Pilgrim's Rest

Mwezi uno mangani kamba, pakuti ulendo wathu ndi wautali. Tipita nanu ku South Africa, m'mapiri a cigawo ca Mpumalanga, kukamudzi ka mseu umodzi, kumene tinaona anthu akuluakulu, a imvi kumutu ndi ndalama m'thumba, atapinda mabuluku mpaka m'maondo, ali kupeta mcenga m'madzi ozizira monga ana. Ndipo tisakubiseni, ifenso tinapinda athu.

Mwana wathu wacisamba aphunzitsa sukulu ku Mbombela, mzinda umene kale unali kuchedwa Nelspruit. Mu September 2024 anatiitana, ife ndi amai a kunyumba, kuti tikaone adzukulu. Za basi ya ku Lusaka ndi mizere ya pamalire tisacite kunena. Amene anayendako adziwa. Titapumula masiku atatu, Loweruka m'mamawa anatikweza m'galimoto lake pamodzi ndi kamdzukulu kathu kakakazi ka zaka 7, nati, "Atate, lero mukafuna golide." Tinaseka, tinati ife golide wathu ndi nsawawa za kumunda. Iye anangoliza galimoto.

Mseu ucoka m'dziko lotentha la malalanje nukwera pang'onopang'ono kufikira ku Sabie. Kumeneko maso atopa ndi mitengo ya paini ndi bulugamu, mizeremizere, phiri ndi phiri. Mitengo imeneyi ndi ana a golide, pakuti oyamba kuibzala anali kufuna mizati yocirikizira migodi, nkhalango zacilengedwe zitatha ndi nkhwangwa. Kupitirira Sabie tinaima pamathithi a Mac Mac, pamene madzi agwa mamita 65 kulowa m'phompho. Pafupi ndi pamenepa mpamene golide anaoneka kuciyambi kwa caka ca 1873, ndipo anthu anakhamukirako. Pulezidenti wa dziko la Maburu la Transvaal, Thomas Burgers, atabwera kudzaona msasa wa okumba, anapeza kuti maina ambiri ayamba ndi Mac, monga acitira maina a ku Scotland, ndiye anacha malowo Mac Mac.

Pakati pa okumbawo panali munthu wosakonda phokoso, dzina lake Alec Patterson. Anzake anali kumucha Wheelbarrow Alec, ndiye kuti Alec wa wilibala, cifukwa katundu wake yense, piki, fosholo, mbale ndi bulangete, anali kumkankha pa wilibala kulikonse kumene apita. Ataona kuti anthu aculuka, anakankha wilibala yake kukwera phiri, natsikira m'cigwa ca kuseri, ndipo m'kamtsinje ka m'menemo anapeza golide wonga sanamuonepo. Anatseka pakamwa nayamba kukumba yekha. Koma cinsinsi ca golide ndi utsi, sicikhala m'nyumba. Munthu wina, William Trafford, anafika m'cigwa comweco, napeza zomwezo, nakalembetsa malo ake kwa a boma. Pa 22 September 1873 cigwaco cinalengezedwa kuti ndi malo okumbapo golide, ndipo pasanathe caka okumba anakwana 1,500. Dzina lakuti Pilgrim's Rest litanthauza mpumulo wa munthu wa paulendo. Asimba kuti Trafford ndiye analipereka, poyesa kuti kuyendayenda kwake kwafika pothera. Dzinalo ndi lokoma, koma tikayika ngati m'cigwamo munagona munthu tulo tabwino zaka zimenezo.

Tinatsikira m'mudzimo dzuwa litakwera pang'ono. Mseu wake utsata kamtsinje, ndipo nyumba zandanda uku ndi uku, za malata kucokera pansi mpaka padenga, madenga ofiira, makhonde a matabwa. Okumba sanamange ndi njerwa cifukwa palibe anayembekeza kukhalitsa; ndiye taonani, zosakhalitsazo zaima zaka zoposa 100. Pali Royal Hotel, positi, masitolo akale okhala ndi zitini ndi mabotolo a nthawi ya makolo, ndi garaja yochedwa Highwayman's Garage, imene nkhani yake inatiseketsa. Mu 1912 munthu wa m'mudzi momwemo, Tommy Dennison, anabisalira ngolo ya akavalo paphiri la Robber's Pass, poyesa kuti yanyamula golide, koma anangopeza ndalama za siliva. Anagwidwa msanga, nakagwira ukaidi, ndipo atatuluka anabwerera kwao natsegula garaja, naicha dzina lotanthauza wacifwamba wa pamseu. Mudzi wonse tsopano uli m'manja mwa boma la cigawo, ndipo unalengezedwa kukhala cikumbutso ca dziko mu 1986. Ocita malonda abwereka nyumbazo kwa boma. Zina tinazipeza zotseka, utoto ukusupuka, ndipo anyamata ambiri anali cilili m'mbali mwa mseu kupempha kuti atisungire galimoto.

Tsono tifike pa cimene tinadzera. Kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi madzi, tinapeza alendo ena okwana khumi, Azungu ndi anthu akuda omwe, atazungulira mnyamata wophunzitsa kupeta golide. Aliyense analipira kangacepe, napatsidwa mbale ndi mulu wa mcenga wosakanizika ndi timiyala. Mbale yake ndi yotakata kukamwa ndi yopapatiza pansi, yonga beseni losaya, ndipo mbali imodzi ili ndi timizere tokumbika. Akale anali nazo zacitsulo. Za masiku ano zambiri ndi za pulasitiki wakuda kapena wobiriwira, kuti golide aziwala bwino pamenepo.

Nzeru yonse ya nchitoyi yagona pa kulemera. Botolo limene lilowa lita imodzi ya madzi, yolemera kilogalamu imodzi, mutalidzaza ndi golide lingalemere makilogalamu 19. Mutalidzaza ndi mwala wamba silingafike ngakhale makilogalamu 3. Motero golide salola kutengedwa ndi madzi monga mcenga. Mumtsinje afuna pamene madzi afooka: m'kati mwa gondo la mtsinje, kuseri kwa mwala waukulu, m'ming'alu ya thanthwe la pansi. M'mbale namonso atero. Mumiza mbale yonse m'madzi, muphwanya dothi ndi zala, mutaya miyala ikuluikulu. Kenaka mugwedeza mbale uku ndi uku mwamphamvu kuti zolemera zitsike pansi. Mukatero mupendeketsa mbaleyo pang'ono, kukamwa kwake kuloza kutsogolo, nimulola madzi kuti alowe ndi kutuluka, akunyambita mcenga wa pamwamba pokha. Muiongolanso, mugwedezanso, mupendeketsanso. Muteroteroko mpaka mulu wonse utatha, pangotsala kamcenga kakuda kodzaza sipuni, kamene kali ndi citsulo ndipo nako nkolemera. Pamenepo muthira timadzi pang'ono nimutizunguliza pang'onopang'ono, ndipo kamcenga kakudako kakasuntha, kumbuyo kwake kutsala timadontho tacikasu, ngati mwai ulipo.

Kunena nkosabvuta. Ife tinagwira mbale ija monga tigwirira khasu, ndi mphamvu zonse, ndipo posakhalitsa mcenga wonse unapita ndi madzi, mbale mbee! Tinapempha mulu wina. Msana unayamba kudandaula, zala zinacita dzanzi ndi kuzizira, pakuti madzi a m'mapiri amenewo saseka ndi munthu ngakhale mu September. Koma potembenuka tinaona amai a kunyumba atakhala pamwala, citenje atacikwinyira m'maondo, mbale ikubvina m'manja mwao ngati anabadwira pamenepo. Mnyamata wophunzitsa uja analeka kulankhula nayamba kuwayang'ana. Anafunsa mwana wathu ngati amai ake anagwirapo nchito imeneyi. Atawamasulira funsolo, iwo anaseka nati, "Muuzeni kuti uku ndi kupeta. Nakhala ndikucotsa mcenga mumpunga cibadwire ca atate ake a mwana uyu. Kusiyana nkwakuti kwathu cotsala pansi titaya, kuno ndico cimene afuna." Anali oyamba pagulu lonse kuonetsa timadontho tao, tinai, tocepa kuposa njere ya mawere. Mai wina wa ku Germany amene anaima pafupi anaomba m'manja nawajambula.

Ife nafenso tinapeza cathu, ndipo cinali cacikulu. Pakati pa timiyala tinaona kena kowala, ka ngodya zinai, konga kambewu ka cimanga. Mtima unagunda m'njira imene sitinayembekezere pamsinkhu wathu uno. M'kamphindi komweko tinali titakhoma kale malata atsopano panyumba, titagula ng'ombe ziwiri zapagoli, ndipo, ticite manyazi ponena, dzanja linafumbata lokha kuti woima pafupi asaone. Kamdzukulu ndiko kanatiulula: "Ambuya apeza! Ambuya abisa!" Mnyamata uja anatenga kamwalako, nakaika pathanthwe, nakagogoda ndi mwala unzake, ndipo mbali yake inanyenyeka ngati mcere. Golide weniweni sanyenyeka, iye anatero. Ukammenya aphwatalala, ndipo mtundu wake sasintha ngakhale umuike pamthunzi. Cathuco cinali mwala wa citsulo ndi sulufule wochedwa pyrite, umene okumba amaucha golide wa zitsiru. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Onse anaseka, nafenso tinaseka, koma kufumbata kwa dzanja kuja kunatitsalira m'maganizo tsiku lonse. Tinali titalipira kuti tisewere, tikudziwa kuti ndi masewera, komabe malungo a golide anatigwira.

Pambuyo pake tinamva kuti timadontho tija sitinacokere mumtsinje tsiku limenelo. Anacita kutithira mumcenga kuti mlendo asabwerere manja okhaokha. Ndipo titamaliza, amai anabweza tinai tao m'kabotolo ka mnyamatayo, kuti mawa mlendo wina adzatipezenso nakondwe. Tinafunsa cifukwa cake munthu sangangotenga mbale yake ndi kupita kumtunda kwa mtsinje. Yankho ndi lamulo. Ku South Africa cuma ca pansi pa nthaka ciyang'aniridwa ndi boma, ndipo lamulo la mu 2005 lonena za miyala ya mtengo wapatali liletsa munthu kusunga, kugula kapena kugulitsa golide wosasula popanda cilolezo. Motero kupeta kosangalatsa kumeneku kucitika pamalo okonzedwa, pamaso pa woyang'anira.

Musayese kuti ndi masewera a anthu ocepa. Pali mpikisano wa dziko lonse lapansi wa kupeta golide, umene unayamba mu 1977 ku Tankavaara, kumpoto kwa Finland, ndipo uzungulira m'maiko amene kale munabuka golide. Pilgrim's Rest inaulandira kawiri, mu 2005 ndi mu 2012. Wopikisana aliyense apatsidwa ndowa ya mcenga m'mene oweruza abisa timadontho ta golide, koma samuuza kuti ndi tingati. Aima m'dziwe lake, apeta mofulumira, atola timadonthoto ndi nsonga ya cala naika m'kabotolo, ndipo kadontho kalikonse kamene wataya amuonjezera mphindi panthawi yake. Akatswiri amaliza ndowa yonse ife tisanaphwanye ndi dothi lomwe. Pali gawo la amuna, la akazi, la ana ndi la okalamba. Tinauza amai kuti tiwalembetse. Anati ayambe aona ngati mphotho yake ikwana mtengo wa basi.

Maiko ena alola zoposa pamenepa. Ku Victoria, m'dziko la Australia, kumene anthu anathamangira golide kuyambira mu 1851 ku Ballarat ndi ku Bendigo, munthu wamba agula cilolezo cochedwa Miner's Right, cimene cigwira nchito zaka 10, napita kumalo ololedwa ndi mbale yake kapena makina olira akamva citsulo pansi, ndipo cimene wapeza ndi cake. Ambiri a iwo ndi opuma panchito amene afuna mphepo ya kuchire ndi anzao oceza nao pamoto. Akawerengera mafuta a galimoto, golide amene apeza sabweza ndalama. Koma ciyembekezo sicifa cifukwa nthawi zina zicitikadi. Mu 1980 munthu wina, Kevin Hillier, anafukula pafupi ndi Kingower cibulumwa ca golide colemera makilogalamu 27, cimene cichedwa Hand of Faith. Nkhani imodzi yotere ikwana kudzutsa anthu zikwi m'bandakuca kwa zaka makumi anai.

Titaumitsa mapazi tinayenda m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo m'menemo nkhani inayamba kusintha nkhope. Pazithunzi muona Mzungu wandebvu ataima ndi mbale m'manja, ndipo kumbuyo kwake anthu akuda asanu kapena khumi ali ndi mafosholo, opanda maina. Cigwa cimeneci sicinali copanda eni. Munali Amapulana ndi mitundu ina, ndipo kumadzulo kunali ufumu wa Apedi wa mfumu Sekhukhune, umene unathyoledwa ndi nkhondo mu 1879. Malamulo a golide a Transvaal sanali kulola munthu wakuda kukhala ndi cilolezo cokumba. Iye akanangokhala wanchito wa Mzungu. Ndiye kuti munthu anali kunyamula dothi tsiku lonse mumtsinje wa makolo ake, koma akapezeka ndi kadontho m'thumba anali mbala.

Nao okumba acizungu aja sanadyerere nthawi yaitali. Golide wa pamwamba, wotoleka ndi mbale, anatha m'zaka zosakwana khumi. Mu 1881 munthu wa cuma wa ku London, David Benjamin, analandira kwa boma ufulu wa kukumba m'deralo, nalipira okumba ang'onoang'ono kuti acoke. Ambiri ananyamula katundu kupita ku Barberton, kumene golide anabuka mu 1884, ndi ku Johannesburg kuyambira mu 1886. Mu 1895 makampani anaphatikizana kukhala Transvaal Gold Mining Estates, imene inaboola mapiri kutsata mitsempha ya golide, nimanga zigayo zophwanya miyala, ndipo mu 1911 inatsegula malo opangira magetsi ndi madzi ku Belvedere. Kampaniyo inali ndi mafamu ambiri ozungulira, ndipo mabanja a anthu akuda okhala pamafamupo anali kulipira malo ndi thukuta la amuna ao m'migodi. Akulu anati citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina. Sitinena kuti Patterson anali citsiru, koma ng'oma anaomba ndiye, ndipo obvina anali ku London.

Manda a mudziwo ali pacitunda cotsetsereka, cakuti pofika pamwamba tinali wefuwefu. Pamiyala tinawerenga maina a ku Wales, ku Scotland ndi ku England, ambiri a anthu amene anafa asanakwane zaka 40, ena ndi malungo otengedwa kucigwa panjira ya ku Delagoa Bay, kumene lero ndi Maputo, ena ndi kamwazi, ena ndi ngozi za mumgodi, ndiponso timanda ta makanda tambirimbiri. Manda onse aloza kum'mawa ndi kumadzulo, kupatula amodzi amene apingasa, kuloza kumpoto ndi kum'mwera, ndipo palembedwa mau awiri okha akuti Robber's Grave, manda a mbala. Asimba kuti munthuyo anagwidwa akuba m'tenti ya mnzake, napitikitsidwa, ndipo atabwereranso anamuombera. Alendo onse athamangira pamenepo kukajambula. Ife tinayendayenda kufuna dzina la mmodzi wa anyamata a mafosholo aja a pacithunzi, koma sitinaliwerenge. Mbala ili ndi mwala wake. Tinakumbuka amalume athu amene anapita ku Joni tisanabadwe, nabwerako ndi sutikesi, cipewa ndi cifuwa cimene sicinawasiye mpaka kumanda; iwo anali ndi mwai, pakuti anagona pakati pa abale, osati monga machona ena.

Mgodi wotsiriza wa kampani, wochedwa Beta, unatsekedwa mu 1972. Sikuti golide anatheratu m'mapirimo. Kuyambira mu 1934 kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 mtengo wake unali womangidwa pa madola 35 pa aunsi imodzi, ndiye kuti magalamu 31, pamene mtengo wa kukumba unali kukwera caka ndi caka, kotero kuti phindu linauma. Zinthu zinatembenuka pambuyo pake. Mu October 2025 aunsi yomweyo inapitirira madola 4,000. Mwala umene kale unali wosayenera kuutola unasanduka cuma. Kampani ya ku Australia yochedwa Theta Gold Mines, imene inatenga Transvaal Gold Mining Estates, yakhala ikukonza zotsegulanso ina mwa migodi yakaleyo. Koma ena sanayembekeze kampani.

Madzulo, potuluka m'mudzi, tinaima pamlatho wa mtsinje wa Blyde, m'mene kamtsinje ka Patterson kathira. Madzi ake anali ofiirira ngati a m'mwezi wa January, cikhalireco mvula inali isanagwe. Patsidya, m'mbali mwa phiri, tinaona mabala a dothi latsopano, ndi anyamata anai akutsika kanjira atasenza matumba, matope thupi lonse, matoci atamangirira pamphumi. Tinakweza dzanja kuti tiloze, koma mwana wathu analigwira nati, "Atate, musaloze." Amenewo ndiwo achedwa zama zama, kucokera ku liu la Cizulu lotanthauza kuyesa: anthu olowa m'migodi yosiyidwa popanda cilolezo. South Africa ili ndi migodi yotere pafupifupi 6,000. Ena mwa anyamatawa ndi a komweko, ambiri acokera ku Lesotho, Mozambique ndi Zimbabwe. Akhala pansi masiku kapena miyezi, m'maenje amene mizati yake inaola kale, naphwanya miyala ndi manja, nautsuka m'mitsinje, nagwiritsa nchito mercury kuti agwire golide. Mankhwala amenewa akaotchedwa utsi wake uononga ubongo ndi mitsempha, ndipo otsala alowa m'madzi ndi m'nsomba.

Sitifuna kuwayeretsa. Pakati pao pali magulu a mfuti amene aopseza midzi ndi kuphana okhaokha, ndipo mtsinje umene aipitsa ndi womwewo umene anthu a kumunsi amwa ndi kuthirira minda. Wocita malonda wa m'mudzimo akadandaula kuti alendo acepa cifukwa ca mantha, adandaula zoona. Komabe wonyamula thumba uja sindiye alemera. Golide wake adutsa m'manja ambiri mpaka afika kwa anthu obvala masuti amene sanaloweko m'dzenje. Patangopita miyezi inai cicokere ife, mu January 2025, ku Stilfontein m'cigawo ca North West, pamgodi umene apolisi anauzinga kwa miyezi, anatulutsa anthu amoyo 246 ndi mitembo 78. Pamlatho paja zimenezi zinali zisanacitike, koma kusiyana kunali poyera kale. M'mawa ife tinalipira ndalama kuti tilowe m'madzi, titapinda mabuluku, tikuseka. Madzulo anyamata a msinkhu wa ana athu anali kucita nchito yomweyo, m'cigwa comweco, ndi kugwedeza komweko kwa mbale, moyo uli m'manja. Kuti kupeta mcenga kukhale kosangalatsa, munthu ayenera kudziwa kuti nsima ya madzulo ilipo ngakhale mbale ituluke mbee. Patterson analibe citsimikizo cimeneco, anyamata a mafosholo analibe, a matoci pamphumi alibe. Amene afanana ndi okumba a 1873, amene mudzi uwakumbukira ndi zithunzi ndi zipewa, si ife alendo ai. Ndi aja amene tinaletsedwa kuwaloza.

Ife a kum'mawa kwa Zambia nkhani ya golide si yacilendo, ngakhale ambiri tinaiwala. Mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri, imene inafalitsidwa ndi wamalonda wa ku Germany Carl Wiese, ndiyo inakopa kampani ya North Charterland Exploration, yokhazikitsidwa mu 1895, ndipo inali cimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya mu January 1898. Angoni anagonja, Nsingo anaphedwa, ng'ombe zinalandidwa, koma golide woculuka uja sanapezeke. Masiku ano malungo omwewo abweranso. Tinamva za Kasenseli ku Mwinilunga mu 2019, za anthu zikwizikwi amene anakhamukira ku Kikonge m'boma la Mufumbwe mu 2025, ndipo m'timitsinje ta ku Rufunsa, Petauke ndi Vubwi amai ndi anyamata apeta mcenga ndi mabeseni a kukhichini. Palibe pakati pao amene acita zimenezi kuti apumule panchito.

Pocoka ku Pilgrim's Rest tinagula mbale imodzi ya pulasitiki wakuda m'sitolo ya zikumbutso, ndipo kamwala kathu ka golide wa zitsiru tinakakulunga m'kampango. Kamwalako kali pawindo, pamene adzukulu a kuno akaonetsa anzao. Mbaleyo amai anailanda tsiku lomwe tinafika. Ati timizere take tigwira mcenga wa mumpunga kuposa beseni lililonse limene anakhalapo nalo.

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wa pafupi nafe, mwana wa mai wamasiye, amene anamaliza Grade 12 zaka zitatu zapitazo ndipo nchito sanaipeze. Anaodira, nakhala pansi, nafunsa za moyo ndi za kumunda monga mwa ulemu, kenaka anati, "Atate, ndamva kuti muli ndi mbale ya golide ya ku Joni. Mungandibwerekeko milungu iwiri?" Anzake anamuuza za kamtsinje kena kupitirira Petauke. Tinamuuza zonse zimene takuuzani inu, za maenje ogumuka, za mercury, za cilolezo cimene ayenera kuyamba watenga, ndipo tinamuonetsa kamwala ka pawindo ndi mmene kanyenyekera. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, nafunsa ngati mbaleyo igwedezedwa uku ndi uku kapena mozunguliza. Amai, amene anali kumva ali kukhichini, anayankha kuti mbale ili ndi mpunga, abwere mawa, poyesa kuti usiku tikambirana ndi amai ake. M'mawa titapita kumeneko tinapeza amai akewo akusesa pabwalo. Anati mwana wanyamuka ndi basi yoyamba, ndipo beseni lao losambira silioneka.